Sitima zonyamula ndege ndi agogo athu a KAR ku Madagascar, 1942

Ambirife tikamva za sitima zonyamula ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timangoganiza za ku Pacific, Amereka ndi Japan, basi. Koma abale nkhani ina inachitikira pafupi pompano, kutsidya kwa nyanja ya Mozambique, ndipo asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali achiafirika a Angelezi) ochokera ku Nyasaland analimo.

Mu 1942 Madagascar inali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, aja ankamvana ndi Germany dziko lawo litagonja. Angelezi tulo sankalipeza chifukwa Japan inali itangolanda Singapore mu February, mu April n'kumiza sitima yawo yonyamula ndege ya Hermes pafupi ndi Ceylon (Sri Lanka ya lero), ndiye ankaona kuti ikangotenga doko la Diego Suarez kumpoto kwa chilumbachi masabumarini ake aziphwasula sitima zonse zodutsa pakati pa Madagascar ndi Mozambique kupita ku Egypt, poti nthawi imeneyo Mediterranean kunali moto, katundu wankhondo ankazungulira ku Cape.

Koma kutsitsa asilikali pagombe popanda ndege zokuteteza ndi kupereka anthu ku imfa, ndipo ndege zomenyera nkhondo za nthawiyo sizikanatha kunyamuka kumtunda kuno, kukamenyana, n'kubwereranso. Ndiye anangobwera nalo bwalo la ndege pamadzi. Sitima zonyamula ndege za Illustrious ndi Indomitable zinaperekeza gulu la sitima lomwe linanyamuka ku Durban kumapeto kwa April, pansi pa Admiral Syfret.

Ine chimandizunguza mutu ndi mmene ntchito inkayendera pamwamba pa sitimazo. Bwalo lake mamita osapitirira 230, ndipo likuyenda, likupendama ndi mafunde. Ndege isananyamuke sitima yonse imayenera kutembenukira komwe kukuchokera mphepo n'kuthamanga, kuti mapiko agwire mpweya msanga. Potera ndiye kovuta zedi, pailoti amatsitsa ndowe kumchira kwa ndege kuti ikole chingwe chachitsulo chopingasa pabwalopo, maso ali kwa munthu woima kumbuyo atanyamula tizikwangwani tiwiri womuuza kwera pang'ono, tsika, zimitsa injini. Ukaphonya zingwe zonse ukugunda chotchinga kutsogolo uko. Ndipo ndege zina, Swordfish, zinali za mapiko awiri okutidwa ndi nsalu, anthu atakhala poyera mphepo ikuwawomba, zoyenda pang'onopang'ono koma ndi zomwezo zinaononga sitima za Italy ku Taranto mu November 1940, zitanyamuka pa Illustrious yomweyi.

M'bandakucha wa pa 5 May maboti anayamba kutsitsa asilikali ku Courrier Bay ndi Ambararata Bay, mbali yakumadzulo komwe Afalansa ankakhulupirira kuti miyala ya pansi pamadzi ndi mabomba otchera zikuwatetezera. Kum'mawa sitima ya Hermione inkawomba mizinga ndipo ndege zinaponya zidole zomangirira ku maparachuti kuti adani aziganiza kuti nkhondo ikulowera uko. Nthawi yomweyo ndege za Albacore za pa Indomitable zinakaphulitsa bwalo la ndege la Arrachart ndege za Afalansa zikadali pansi, ma Swordfish a pa Illustrious n'kumiza sitima ya Bougainville ndi sabumarini ya Bévéziers m'doko momwemo. Ndege zochepa zomwe zinayesera kudzuka masiku otsatira zinakumana ndi ma Martlet, ndege zomenyera nkhondo za Angelezi. Kwa ine nkhondo ya Diego Suarez inatheka m'maola oyambawa, chifukwa munthu ali m'boti lodzadza, kapena ali m'madzi ofika m'chiuno mfuti ili pamutu, ndege imodzi yokha ya adani ikhoza kumaliza gulu lonse.

Komabe ndege sizilanda mzinda. Asilikali apansi anakakamira pa malinga oteteza Antsirane, mzinda wa padokolo, mpaka usiku wa pa 6 May pomwe sitima yaing'ono ya Anthony inalowa m'doko mumdima mizinga ikulira, n'kutsitsa ma Royal Marines 50 kumbuyo kwa adani. Pa 7 May mzinda unagwa. Ndipo mantha aja sanali abodza, pa 30 May kasabumarini ka Japan kanalowa m'doko lomwelo n'kuvulaza sitima yaikulu ya Ramillies komanso kumiza yonyamula mafuta ya British Loyalty.

Annet, bwanamkubwa wa Vichy pachilumbachi, anakana kupereka chilumba chonse, ndiye mu September Angelezi anayambiranso. Pa 10 September anatsika ku Majunga, Illustrious ikuteteza kumwamba, ndipo apa ndi pomwe inalowa 22nd East African Brigade momwe munali batalioni ya KAR ya ku Nyasaland pamodzi ndi anzawo a ku Kenya ndi Tanganyika. Sitima ija ntchito yake inathera kunyanja, koma anyamatawa anali ndi msewu wa makilomita oposa 500 kukafika ku likulu la Tananarive, milatho itagumulidwa, mitengo ndi miyala zitaunjikidwa mumsewu kambirimbiri, malungo nawonso osawasiya. Analowa mumzindawo pa 23 September n'kupitirira kum'mwera mpaka Annet anagonja pa 6 November.

Chimandiwawa ndi choti mbali ya Vichy nayonso asilikali ambiri anali a ku Madagascar konko ndi ochokera ku West Africa, ana a Africa kuwomberana pa mkangano wa azungu. Angelezi anapereka chilumbachi kwa Afalansa a de Gaulle, aja ankatsutsana ndi Vichy, eni nthaka osafunsidwa, ndipo atadzuka mu 1947 kufuna ufulu wawo anaphedwa miyandamiyanda. Ufuluwo unadzabwera mu 1960.