Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mpini wa khasu ndi batani la pafoni

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti nkhani ipitirire. Mayi a ku Bangula amene munalemba kuti gawo la madzi osefukira a 2015 linakulizani, Mulungu akusungeni.

Tinalekezera poti madzi atenga shedi ya ukalipentala ya malume ndi zipangizo zonse. Zaka za ku Blantyre ndizidumpha: ndinaphunzira za kompyuta, basi.

Ntchito yoyamba inali yokonza pulogalamu ya pafoni ya magulu a banki mkhonde. Anzanga mu ofesi, pansi pa fani, anaika timabatani ting'onoting'ono ndi zilembo zotuwa. Ine mtima unali ku Ngabu. Malume sankasema mpini asanaone dzanja ndi msinkhu wa mwini khasu, ndipo ankati mpini ukatulutsa matuza wolakwa ndi wosema.

Pulogalamu ija ndinapita nayo ku Nchalo mu Okutobala. Dzuwa la kuchigwa mukulidziwa, pa sikirini sipankaoneka kanthu. Msungichuma wa gulu, mayi wachikulire wa zala zokhuthala ndi khasu, ankati akadina batani ili, foni n'kumva lina. Anayesa, anayesanso, anapukuta thukuta ndi chitenje. Kenako anandibwezera foni ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kupepesa kuti iwo sukulu sanapite nayo patali. Kupepesa kwa ine! Mayi wosunga ndalama za gulu lonse m'bokosi la maloko atatu osasowetsa ngakhale tambala. Usiku umenewo nsima sinatsike.

Nditabwerera ndinati tisiye zokongoletsa, tigwiritse USSD, njira ya nyenyezi ndi manambala imene anthu anaizolowera kale pa Airtel Money ndi Mpamba. Imagwira pa kafoni ka mabatani, sifuna bandulo. Koma imaduka ukachedwa kuyankha, choncho funso lililonse likhale lalifupi, ndipo munthu aziona kuchuluka kwa ndalama asanavomereze. Abwana anati ndikubweza ntchito m'mbuyo ndi nzeru zanga za ukalipentala: ndisaine zomwe zilipo, apo ayi khomo ndi ilo.

Inu achimwene amene mumalemba kuti ndinachoka chifukwa chonyada, munalipo? Ndinali ndi khanda m'nyumba, lendi isanalipidwe. Koma chinthu chochititsa manyazi mayi aja sindikanachisaina.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani mmene ndinatsikira ku Thabwa pa minibasi ndilibe ntchito, ndi mawu amene mayi a mwana anandilandira nawo.