Tauni ya pamadzi ku Cahora Bassa

Ife a ku Ulongwe wa ku Mozambique madzi timawadziwira pachitsime ndi m'dimba la mbatatesi. Ndiye alamu anga atandiitana kuti tikagule chicoa, nsomba youma yamchere ija, kwa asodzi eni ake kunyanja ya Cahora Bassa, ndinavala nsapato za kutchalitchi ndi jekete. Jekete, ku Tete! Pomwe chapa, minibasi yathu, imawoloka mlatho wa Samora Machel n'kuti thukuta litafika m'masokosi.

Tinatsata msewu wa ku Songo, komwe khoma lotalika mamita 171 linatseka Zambezi mu 1974, koma tisanakwere mapiri tinakhotera kumudzi wa asodzi. Tinafika kutada. Alamu anakhala pansi kunenerera mtengo. Ine kuponya maso kutsogolo, magetsi mbwee, mzere wautali.

"Magetsi onsewa, mowa wozizira sungasowe," ndinatero mumtima. Sindinatsanzike munthu.

Ndinayenda, ndinayenda, magetsi osayandikira. Nthaka inayamba kufewa, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Ndili mkati moifufuza ndi phazi, ndinamva chinthu chikuzula udzu pafupi, kenaka fwuu! Mvuu imatuluka usiku kudzadya msipu, ndipo yoopsa ndi imene waitsekera njira ya kumadzi. Izi tinaphunzira kusukulu, koma miyendo inazikumbukira mutu usanazikumbukire.

Mtengo umene ndinaupeza unali mlambe. Amene munakwerapo mlambe mumdima mudzandiphunzitse. Ndinkaukumbatira n'kutsetsereka, kuukumbatiranso n'kutsetserekanso, uku ndikukuwa: "Alamu! Ndafa ine, mayo!"

Anthu anathamanga ndi matochi ndi nkhafi. Ataunika, mvuu yanga inali ndi makutu aatali ndi chingwe m'khosi. Bulu.

"Bambo, mumapita kuti usiku uno?" anafunsa mkulu wina m'Chinyungwe chosakaniza ndi chathu.

"Kutauni uko, madala."

Anayamba akhala chete, kenaka phwete, mpaka wina anakhala pansi.

"Amenewo ndi maboti a kapenta. Timayatsa nyali, kapenta amasonkhana pansi pa kuwalako, ife n'kukweza ukonde. Mukadadikira, tauni yanuyo imabwera yokha kumtunda m'mawa. Ndipo buluyo mumuthokoze, chifukwa kumene mumapitako mfumu yake ndi ng'ona."

Chicoa tinagula motchipa. Akuti enawo ndinalipira kale pamlambe. Alamu analumbira kuti nkhaniyi ithera konko. Pobwerera, tisanapitirire Moatize, mkazi wanga anaimba foni kufunsa ngati bulu uja sanavulale.