Loweruka tinakafolera nyumba ya agogo

Lero ndafika kunyumba manja akuyabwa ndi udzu, msana ukuwawa, koma mtima uli mbee.

Lachitatu lapitali pa mapemphero a mlaga wathu (kagulu ka akhristu okhala moyandikana) tinapangana kuti tikafolere nyumba ya agogo ena amasiye a mumpingo mwathu. Okutobala akutha, kumwamba kwayamba kale kuchita mitambo madzulo, ndipo denga lawo linali loti ukakhala mkati umaona dzuwa. Aliyense anauzidwa kubwera ndi chimene angathe. Ena mitolo ya udzu, ena nsungwi, ena luzi. Achinyamata anasonkha ndalama nagula pepala lakuda la pulasitiki loyala pansi pa udzu.

Tinafika kusanatenthe. Abambo atangosasula udzu wakale anapeza kuti mapaso ambiri adyedwa ndi chiswe, ukagwira akungofumbutuka. Ntchito inakula pomwepo. Mkulu wa mpingo wa dera lathu sanayankhule zambiri, anangotenga nkhwangwa n'kuuza anyamata kuti akadule bulugama wa kumunda kwake. Munthu ameneyu ndimamulemekeza. Mitengo ija ankasungira khola lake.

Ife amayi tinagawana: ena kumjigo kukatunga madzi, ena kuzira pansi ndi pakhonde, ena pamoto. Ine ndinagwira zochapa. Zofunda za agogo zinali bulangete limodzi lothetheka ndi zitenje zakale, ndipo pansi pa mphasa ndinapezapo jumbo yomangidwa bwinobwino. Mkati mwake munali bulauzi yoyera ndi duku loyera la Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, zopindidwa mosamala, zopanda ndi banga lomwe.

Nditawafunsa ngati ndichape, anati, "Ayi mwanawe, zimenezo n'zoyera. Ndikudikira tsiku limene miyendoyi idzandilole."

Apa m'pamene ndinakhala pansi pambali pawo, zochapa zija n'kuyamba zadikira. Chigwirizano cha amayi mu Sinodi ya Nkhoma chinayamba mu 1940, ndipo agogowa ndi a m'badwo umene unachilandira kwa oyambitsawo. Anandifotokozera za njala ya 2002, mmene iwo ndi anzawo ankaphikira ana phala la mgaiwa wosonkherana pambale pambale, anthu akudya zitsa za nthochi. Anatchula anzawowo mmodzimmodzi. Ambiri anatisiya. Kenaka anayamba kufunsa za anthu a kutchalitchi: kodi uje anachira? Mwana wa uje uja anakwatiwa? Nanga kwaya ya amayi akutsogolera ndani masiku ano? Za denga sanafunse n'kamodzi komwe. Njala yawo inali ya anthu, ya kumva kuti akadali m'gulu. Munthu akasiya kuoneka Lamulungu chifukwa cha miyendo, dzina lake limakhalabe m'kaundula, koma nkhani za mpingo zimasiya kumufika, ndipo ine ndikuona kuti zimenezi zimapweteka kuposa kudontheredwa.

Masana tinadya nsima ya nkhwani wotendera ndi usipa pansi pa mtengo wa mango, thobwa likuzungulira. Agogo anakana kudyera m'nyumba ya aneba. Anati awanyamule akhale pakati pathu, ndipo ndi iwo anapempherera chakudya, mawu akunjenjemera koma osasowa chonena.

Dzuwa likupendeka denga linali litatha, mnyamata wina ali pamwamba akumanga nsonga. Tinawerenga Yakobo 1:27, ndime ija ya kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye, kenaka agogo anatokosa mkulu wa mpingo uja.

"Bambo, mgonero ndinaulandira kalekale. Kodi abusa sangandiyendereko?"

Iwo anavula chipewa nati, "Amayi, mawa lomwe ndikawauza tikangotuluka m'mapemphero."

Ifenso amayi tagwirizana kuti Lachinayi likubwerali Chigwirizano tikachitira pakhonde pa agogowa. Ndalonjeza kulawirira ndi ayironi ndi makala kuti ndikawasitire bulauzi ija.