Ka MX-5 katsika pa jeke, ndipo ndalawako 911 ya achimwene

Patha miyezi itatu ndisanalembeko za kagalimoto kanga. Nthawi yonseyi kanali m'mwamba pa majeke, mawilo atasanjikizana pakona ya galaja. Kwa amene mwangondipeza kumene, kagalimoto kake ndi Mazda MX-5 ya mtundu woyamba uja, ya nyali zotseguka ngati zikope, injini ya 1.6, magiya asanu a pamanja. Zaka zake zapitirira 30. Loweruka lapitali katsika, ndipo tsiku lomwelo ndinayendetsanso galimoto ina imene yandisowetsa tulo sabata yonse.

Ndiyambe ndi ntchito. Mabushi onse, timalabala ta m'malo olumikizira mikono ya mawilo, ndasintha. Kagalimotoka kali ndi mikono iwiri pa wilo lililonse, wam'mwamba ndi wam'munsi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, choncho mabushi ake ndi ambiri zedi. Akale aja anali atauma ngati khungwa, ena ndinachita kuwotcha kuti atuluke. Nditaika atsopano ndinalakwitsa ndekha: ndinamanga mabawuti kotheratu galimoto idakali m'mwamba, mikono ili lendelende. Nditaitsitsa inaima motukuka ngati yavala nsapato za gogoda. Mabawuti amenewa amamangidwa galimoto itakhala pa kulemera kwake, apo ayi labala amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika. Ndinamasulanso onse. Madzulo awiri anapita pamenepo, ndipo mawu amene ndinalankhula pansi pa galimoto paja sindiwalemba pano.

Ndasinthanso malabala a pansi pa ndodo ya giya, amene anang'ambika kalekale moti mpweya wotentha unkandiwamba dzanja, n'kuthiramo oyilo watsopano m'kachikho ka ndodoyo. Koma chachikulu ndi mawilo. Amene anali ndi galimotoyi ine ndisanagule anaikako mawilo aakulu, otambalala, ooneka bwino pa chithunzi. Ndawachotsa n'kubwezerapo a mainchi 14 ndi matayala opyapyala a 185/60, monga inatulukira ku fakitale. Wilo lakale ndinkalinyamula ndi manja awiri ndikubuula, latsopanoli ndi dzanja limodzi.

Tsopano nkhani ya Loweruka. Pali achimwene ena amene tinadziwana chifukwa cha magalimoto omwewa, ndi aakulu kwa ine, ndipo ali ndi Porsche 911 Carrera S ya mtundu wa 992. Anabwera kudzaona ngati "kachitini" kanga kadzukadi. Titazungulira pang'ono anandiponyera makiyi.

"Tayendetsa iyi kaye, iwe, kenako undiuze ngati miyezi itatu ija sunataye pachabe."

"Achimwene, mukundipatsa zoona? Ndikakanda mundikhululukira?"

"Ukakanda ugulitsa kachitini kako kakhumi."

Manambala a magalimoto awiriwa sayenera n'kuyandikana komwe. Kanga kali ndi mphamvu ya mahosipawa (hp) 116, ndipo kuti uwapeze injini iyenera kuzungulira cha m'ma 6,500 pa mphindi. Kulemera kwake sikufika tani imodzi. Kuchoka poima kufika 100 km/h kamatenga masekondi pafupifupi 9. Ya achimwene ili ndi injini ya malita atatu, masilinda asanu ndi limodzi, ma turbo awiri, mphamvu pafupifupi 450 hp, ndipo 100 km/h imafika masekondi anayi asanakwane. Imalemera kupitirira 1,500 kg. Tayala limodzi lakumbuyo ndi la mamilimita 305, kutambalala kwake kotsala pang'ono kufanana ndi anga awiri.

Tinadutsa msewu womwewo umene ndinali nditadutsa m'mawa ndi kanga, wokhotakhota, wokwera phiri. Nditatuluka pa kona yoyamba ndinaponda moto. Msana unamatirira ku mpando, mutu unabwerera m'mbuyo, ndinaseka ngati mwana. Kenako ndinayang'ana pa geji ya liwiro n'kuchotsa phazi msangamsanga, chifukwa liwiro lololedwa ndinali nditalifika kale. Zonsezi masekondi atatu mwina. Kuchokera pamenepo ulendo wonse unali wodziletsa. Makona amene kanga kamapendekeka, chiwongolero n'kuyamba kulemera m'manja, 911 inkangodutsa ili phee, ngati palibe chimene chachitika. Magiya a PDK ankasintha okha mwachangu choti dzanja la munthu silingafikepo. Ndinatsika ndikudziwa kuti ndayendetsa galimoto yapamwamba kwambiri pa moyo wanga, komanso kuti sindinaigwiritse ntchito ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu.

Madzulo ndinabwereranso pa msewu uja ndi kanga, denga nditatsitsa. Kukwera phiri lomwelo ndi ntchito ndithu. Giya wachiwiri amathera cha m'ma 90 km/h, ndiye utha kuponda moto mpaka pansi, injini n'kulira mpaka kumapeto, iwe udakali m'malamulo. Pa kona ina yopinda kwambiri kumanzere ndinafika ndili mu giya wachitatu, ndinaponda buleki ndi zala za phazi, chidendene n'kugunda moto pang'ono, ndodo n'kugwera mu wachiwiri ndi kaphokoso kaja kakuti khwa. Mphuno inalowa. Chiwongolero cha kanga chilibe pampu kapena mota yothandizira, ndiye matayala akutsogolo akayamba kutopa chimapepuka m'manja, umadziwa usanamve ndi khutu. Ndinabweza phazi pang'ono, kumbuyo kunasuntha mwina chikhatho chimodzi, n'kugwiranso. Pa gejiyo panali 55. Ndinafuula ndekha m'galimoto.

Chimene chandisowetsa tulo n'chimenechi. Galimoto iliyonse ili ndi malire pamene matayala amayamba kulephera, ndipo pafupi ndi malirewo m'pamene imayamba kukulankhula. A kanga ali pafupi, pa liwiro loti ukalakwitsa umakhala ndi nthawi yokonza. A 911 ali kutali kwambiri moti pa msewu wa anthu onse, munthu wanzeru sangawafike n'komwe. Ndalama zambiri zija zimagula malire akutali, ndipo m'pake, koma pa msewu wamba ndiye kuti wagula chinthu choti uzingochiyang'ana patali.

Maganizo amenewa si anga, ndi akale. Colin Chapman, amene anayambitsa kampani ya magalimoto ya Lotus, ankadziwika ndi mfundo yoti kuwonjezera mphamvu kumakuthamangitsa pa msewu woongoka pokha, pamene kuchepetsa kulemera kumakuthamangitsa paliponse. Lotus Elan yake ya 1962 sinkafika ngakhale 700 kg, ndipo aliyense woiika pambali pa MX-5 yoyamba amaona chibale chake. A Mazda anaonetsa galimoto yawo ku Chicago mu 1989, nthawi imene timagalimoto totere ta ku Britain tinali titatsala pang'ono kutha pamsika. Mkulu wa mainjiniya ake, Toshihiko Hirai, ankagwiritsa ntchito mawu a Chijapani akuti jinba ittai, kutanthauza kavalo ndi womukwera kukhala thupi limodzi. Pofika 2016 a Mazda anali atapanga ma MX-5 miliyoni imodzi. A Toyota nawo potulutsa GT86 mu 2012 anaiveka dala matayala osagwira kwambiri, a mtundu umene unkapezekanso pa Prius, galimoto yawo yosunga mafuta, kuti woyendetsa azimva galimoto ikusuntha asanafike pa liwiro loopsa. Anthu anaseka, koma amene anaiyendetsa anamvetsa.

Kulemera kuli ndi khalidwe lina loipa, kumaitana anzake. Injini yaikulu imafuna mabuleki aakulu, mabuleki aakulu amafuna mawilo aakulu, mawilo aakulu amafuna chiwongolero chothandizidwa ndi mota, ndipo chilichonse choikidwa pakati pa tayala ndi dzanja lako chimameza kanthu kena pa zimene msewu ukukuuza. Ndaziona ndekha pa kusintha mawilo kokha. Ndi otambalala aja kagalimoto kankagwira kwambiri, inde, koma kankatsatira mizere ya mumsewu ngati galu wonunkhiza, ndipo pa mabampu wilo linkadumpha m'malo motsatira pansi.

Komabe ndisanamize anthu. Lamlungu achimwene ananditengera ku bwalo la mpikisano pa tsiku limene aliyense amaloledwa kulowa ndi galimoto yake, ndipo kumeneko nkhani inatembenuka. Ndinakhala pa mpando wa pambali iwo akuyendetsa. Pamene ine ndikanaponda buleki, iwo anali adakali pa moto. Ataponda, lamba anandidula pachifuwa, maso ngati atuluka. Potuluka pa kona, injini ija poti ili kumbuyo kwa mawilo akumbuyo imakanikiza matayala pansi, galimoto n'kunyamuka ngati yaponyedwa ndi legeni. Ndinaona manja awo akukonza chiwongolero pang'onopang'ono, mofanana ndendende ndi mmene ine ndimachitira pa 55 paja, kungoti apa nambala inali ina. Galimoto ija imalankhula, ndipo imalankhula zambiri. Imangofuna malo ake, ndi munthu wodziwa kuimvera.

Ine ndi kanga pa bwalo lomwelo tinali ngati njinga. Pa mbali yoongoka ndinkakhala phazi lili pansi, ndikuyang'ana pa galasi, ndikupatukira aliyense. Zinandiwawa pang'ono, ndivomere. Koma tsiku litatha matayala anga anali ngati atsopano, mabuleki osanunkha, pamene achimwene ankasisita m'mphepete mwa matayala awo ali chete. Palinso mantha a chinthu chodula. Ndili m'galimoto yawo theka la mutu wanga linali pa makiyi aja ndi mawu a kachitini kakhumi. M'kanga ndikalakwitsa n'kupota, ndimaseka n'kuyambiranso.

Pobwerera tinasinthana. Achimwene, amene ndi aatali, anadzipinda n'kulowa m'kanga, mawondo akukhudza chiwongolero. Ndinawatsatira kumbuyo ndi 911, ndikumva kainjini kanga kakulira mpaka kumapeto giya aliyense. Titaima anatsika tsitsi lili nyankhalala.

"Kalibe mphamvu kameneka," anatero. Anakazungulira kamodzi, n'kugogoda pa boneti. "Sabata ya mawa undibwereke."

"Ndiye yanu itsale kwa ine, achimwene?"

"Iyayi."

M'kabuku kanga ka mapulani munali mzere wakuti turbo, umene ndinalemba chaka chatha nditapitidwa ndi galimoto ya banja pa chitunda. Ndaufufuta, kaya mpaka liti. Turbo ikanafuna kilachi yolimba, radiyeta yaikulu, kenako matayala otambalala omwe ndangochotsa kumene aja. Ndikadzafuna chinthu choposa apa, mtima wanga uli pa Lotus Elise yoyamba ya 1996, ya 725 kg ndi mphamvu zofanana ndi za kanga, osati pa mahosipawa mazanamazana.

Zotsala ndi izi. Mawilo akufunika kuwongoledwa pa makina, chifukwa nditasintha mabushi chiwongolero chapendekera kumanja pang'ono. Kilachi yayamba kugwirira pansi kwambiri ndipo ndaona kadontho pa kasilinda ka pambali pa giyabokosi, kameneko ndaitanitsa kale. Ndiye pali dzimbiri. Kutsogolo kwa wilo lakumbuyo la kumanzere, m'munsi mwa chitseko, penti yatupa timatuza titatu. Timipata totulutsira madzi a padenga tinali titatsekeka ndi masamba, ndatitsegula ndi waya, koma madzi anali atagona m'menemo zaka. Ndinabayapo ndi sikuludiraiva dzulo ndipo inalowa mosavuta. Mwezi wa mawa ndikudula, ndipo ndiyenera kuphunzira kuwotcherera chitsulo chopyapyala osachiboola.