Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kangolo ka pambali pa Boxer

Gawo lathali ndinalekeza atate atatuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafooka ndi sitiroko. Vuto linali loti amafunika kumabwerera ku Chipata kukawongoledwa thupi, ife tili kumudzi mbali ya ku Chadiza, ndipo pa njinga yanga yamoto ya Boxer sakanatha kukhala kumbuyo nkundigwira bwino. Kuhaya galimoto nthawi zonse ndalama yake tikanaitenga kuti?

Amalume, amene amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, ndiwo anati "mphwanga, bwera nayo njingayo tiimangire kangolo pambali." Anapanga fulemu ya mapaipi, tayala limodzi la honda yakufa, mpando wa minibasi yakale, nkumangirira ku fulemu ya njinga malo anayi, awiri pansi awiri mmwamba. Anakaika kumanzere, poti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, wokwera azitsikira kumbali osati pakati pa magalimoto.

Kuwotcherera sikunachedwe, chomwe chinadya nthawi nkutchuna. Amalume anagoneka matabwa awiri owongoka pansi, limodzi mbali ya matayala a njinga lina mbali ya tayala la kangolo, nkumayeza ndi tepi kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kutsogolo kutapanikizika pang'ono. Tayala la kangolo liyenera kuloza mkati pang'ono, likalozanso kwambiri limatha msanga ngati mwalipala dala. Analiikanso patsogolo pang'ono kuposa tayala lakumbuyo la njinga, ndiye njingayo payokha anaipendeketsa pang'ono kunja, kutali ndi kangolo, kuti isamakokere mbali imodzi. Amamasula nati, kuyeza, kumanga, ine kukazungulira, kubwera nkuwauza kuti ikukokabe, iwo osadandaula olo pang'ono. Ine amalume aja ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha tsiku limenelo, ndalama ya ntchito anakana, anangolandira ya mapaipi basi.

Manje kuyendetsa kwake nkwina. Njinga ya kangolo siipendekeka pakona, umachita kukhotetsa ndi mahandulo, ndipo madzulo mapewa amawawa. Ukakoka moto imathawira kumanzere chifukwa kangolo kamatsalira, ukagwira buleki imathawira kumanja chifukwa kangolo kamafuna kupitirira. Choopsa kwambiri ndi kona ya kumanzere, ukalowa ndi liwiro tayala la kangolo limanyamuka m'mwamba. Amalume anandiletsa kunyamula atate mpaka nditazolowera, ndiye ndinayamba ndi thumba la chimanga la 50 kg pampando, kuzungulira pabwalo la mpira la kwathu, ana akundithamangira mmbuyo.

Kenako tinasintha supuloketi yakumbuyo, chitsulo cha mano chomwe tcheni imazungulira, kuika yaikulu, poti injini ya 150 cc ndi yochepa ndipo zitunda za ku Chipata mukuzidziwa. Liwiro linachepa koma mphamvu yokwerera inabwera, mafuta okha ndiwo anayamba kupita ambiri.

Ulendo woyamba amayi anawafunditsa atate bulangete, nkuwamanga ndi chitenje pachifuwa kuti asatsetserekere ku dzanja lofooka lija. Panjira anthu amaima kutiyang'ana, atate nkumawakwezera dzanja lamanzere. Titalowa mu Great East Road anandiuza kuti "iwe, wonjezako moto, tichedwa." Zomwe zinachitika pa rodibuloko apolisi ataona kangoloko ndidzakuuzani gawo likubwerali.