Lero tavundukula chiliza cha amalume ku Mbudzi

Ndafika pakhomo mdima utagwa kale, miyendo ili wawawa, koma ndati ndilembe izi ndisanagone poti mawa zina ndiziiwala. Lero tinali ku manda a Granville, aja timangoti ku Mbudzi, kukavundukula chiliza cha amalume athu, alongo awo a mayi anga.

Tinakumana kaye mmamawa kunyumba kwawo ku Rugare. Kwa inu osadziwa Harare, Rugare ndi komboni yomwe inamangidwira anthu a ku njanji, yagundana ndi yadi ya Lochinvar, ndipo mu yadi imeneyo ndi momwe amalume anathera mphamvu zawo zonse. Ntchito yawo inali yolumikiza ndi kumasula mabogi, usiku kapena usana, mvula kaya chisanu cha mu Juni, iwo ali pakati pa zitsulo nyali ili mmanja. Chala chawo cha mkombaphala chakumanja chinali choduka nsonga, bogi inachipana ali anyamata, ndiye kapu ya tiyi ankaigwira mwa mtundu wawowawo, ndi chala chachikulu ndi chapakati, chodukacho chitaloza kumwamba. Lero mdzukulu wawo wina wamng'ono wagwira kapu chimodzimodzi osadziwa n'komwe, azimayi onse pakhonde anangoti zii kenako misozi.

Kumanda kunabwera abusa a CCAP ndi azimayi a mpingo, nyimbo zachichewa zokhazokha, ngakhale ana athu ambiri pano Chishona ndiye chili pakamwa. Koma amene anandigwira mtima ndi madala ena amene ankagwira nawo ntchito, abwera ndi ndodo, atavala chipewa chawo chakale cha kuntchito chosuluka mpaka mtundu wake osadziwika. Atapatsidwa mpata anayamba ndi nthawi ya Rhodesia Railways, ya mainjini a malasha aja a Garratt, malasha ake ochokera ku Hwange, akuti ukaweruka ngakhale mkazi wako amakuzindikira ndi mano okha. Anafika pa 1980 pomwe dzina linasintha kukhala National Railways of Zimbabwe, kenako 1983 pomwe sitima zamagetsi zinayamba kuyenda pakati pa Harare ndi Dabuka kufupi ndi Gweru. Apa ndiye anaima, nkuloza chiliza, amvekere "awa tsiku limenelo anatenga ana onse a mnyumba, awo ndi a mlongo wawo, kudzawaonetsa sitima yopanda utsi." Ine ndinali mmodzi wa anawo. Ndimakumbukira dzanja lawo litandigwira paphewa kuti ndisayandikire njanji. Lero mawaya aja kulibe, anabedwa kalekale, ndipo sitima imene imadutsa ku Lochinvar ndi ya apo ndi apo.

Amalume anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko ngati anzawo ambiri a nthawi imeneyo, ndipo kumudzi ankangopitako pa maliro kapena pa tchuthi. Ndiye ndamvapo ena kumudziko akunena kuti anatchona, ndipo kunena zoona zimandiwawa kwambiri, chifukwa ine ndinaona ndi maso anga zomwe zinkachitika tsiku la malipiro. Akabwera ankasamba kaye, kuvula ovolosi, kukhala pamphasa osati pampando, nkuitana akazi awo, "Mayi, tabwerani tione." Ndalama ija ankaigawa milumilu, mulu uliwonse nkuutsindira ndi kapu kapena sopo kuti usauluke, uwu wa fizi, uwu wa ufa ndi ndiwo, uwu wa sosayati ya maliro, uwu wopita ku Dedza kwa agogo, ndipo bambo anga atamwalira panaonjezekera mulu wina wa ife ana a mlongo wawo, popanda kudandaula ngakhale kamodzi. Yawo inali yotsala, ikatsala. Mowa sankamwa, fodya ayi, nsapato ankasoketsa mpaka wosoka nsapatoyo kukana. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, aliyense amadziwa, koma si onse amene amausenza udindowo mpaka mapeto, makamaka uli kutali ndi mudzi komwe palibe amene angakufunse.

Ndipo sikuti zinawayendera bwino kumapeto. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, iwo ndi ana awo obadwira mu Rugare momwemo anapezeka akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 ndi amene anamasulako anawo. Kenako 2008, ndalama itasanduka mapepala, penshoni ya zaka zonse zija sinkakwana ngakhale kugula buledi. Munthu wamkulu uja anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, ndi kulima repu ndi tomato pa kadimba, ndipo ukapita kukawaona ndi kathumba ka shuga iwo ankakubweza ndi ndiwo zodzaza pepala, ukakana akwiye. Ndinawafunsapo tsiku lina kuti amalume, simufuna kubwerera kumudzi? Anati "mwana wanga, ndipite ndikusiyireni ndani?" basi nkupitiriza kumata chubu.

Nsalu itachotsedwa pa chiliza, achibale a ku Dedza anali pa WhatsApp, foni ndinagwira ndine, netiweki ikuduladula koma anaona. Chiliza chake n'chosavuta, chamwala wakuda, dzina, vesi, ndi kachithunzi ka sitima komwe ana awo anaumirira kuti kakhalepo. Wosema anajambula injini ya malasha, madala aja anaiyang'anitsitsa nkunena kuti mateyala achepa koma zili bwino.

Titabwerera ku Rugare tinadya nsima ya nkhuku ndi nyemba, anthu anayamba kubalalika cha m'ma 4. Ife a mbumba tinatsalira mkati. Mayi aja, akazi a amalume, sanapemphe kanthu, koma tonse tinaona mabeseni awiri ali pakona ya chipinda chochezera ndi madontho a pa siling'i. Denga likudontha kuyambira dzinja lathali ndipo sanauze munthu. Tagwirizana kuti aliyense amene anaphunzira ndi ndalama ya pamphasa ija azisonkha mwezi ndi mwezi, a ku Joni ndi a ku Lilongwe omwe, ndipo buku andipatsa ine kuti ndizisunga. Kalipentala abwera Loweruka kudzayeza, malata agulidwe mvula ya mu Novembala isanayambe.