Anamuuza kuti angosintha kosi, mng'ono wanga anakana

Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima kuyambira semesita yatha, ndiye lero poti mvula yanditsekera m'nyumba kuno ku Matawale ndati bola ndiilembe, mwina pali wina amene ali ndi m'bale wake waulumali ku koleji ndipo akudutsa momwe tadutsa ifemu. Mng'ono wanga saona. Sanabadwe choncho ayi, maso anayamba kuchita chidima ali folomu 1, pofika folomu 3 n'kuti atasiyiratu kuona pa bolodi, ndiye braille anaphunzira atakula kale, zala zinachedwa kuzolowera koma mwana uja ndi wolimba mtima, MSCE analemba pa braille, mapepala a MANEB anabwera ali m'madontho kale, ndipo anakhoza bwino ndithu. Dzina lake litatuluka kuti wasankhidwa, amayi analulutira mpaka maneba anabwera kudzafunsa kuti kwagwanji.

Koleji yake sinditchula, ili konkuno ku Zomba basi, ndipo muli anthu ena mmenemo amene atithandiza kwambiri moti sindingafune kuwaika m'gulu limodzi ndi amene anatikhumudwitsa.

Sabata yoyamba ndinamuperekeza ku ofesi ina, ndinati bwana tabwera kudzafunsa za accommodation ya mwanayu poti saona. Iwo anayankha mwaulemu kuti musadandaule achimwene, aulumali timawapatsa malo ku hositelo, chipinda chapansi, pafupi ndi bafa. Tinathokoza kwambiri chifukwa chipindacho chinali chofunikadi, aliyense wodziwa Zomba nthawi ya mvula akudziwa ngalande zake ndi a kabaza mmene amathamangira, munthu woyenda ndi ndodo yoyera sangamachokere ku Chinamwali tsiku ndi tsiku. Koma ine ndimafunsa zina. Kwathu kuno mawu amenewa tonse timangomva kuti malo ogona, pomwe m'malamulo reasonable accommodation ndi kukonza kaphunzitsidwe, manotsi, mayeso, chipinda chophunzirira, kuti waulumali aphunzire zomwe anzake akuphunzira. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 24 ya panganolo imatchula ndithu maphunziro a ukachenjede, osati pulayimale yokha. Tinali ndi lamulo la aulumali la 2012, pano kuli latsopano la 2024 lomwe linasinthanso MACOHA, bungwe la boma loona za aulumali, kukhala MACODA, ndipo gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Zonsezi zinalembedwa kale, koma mwana akalowa m'kalasi Lolemba m'mawa zimadalira kuti lekichara amene wamupezayo ndi wamtima wotani, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa.

Tiyambe ndi manotsi. Mng'ono wanga ali ndi laputopu yomwe tinasonkherana pa banja, muli NVDA, pulogalamu yaulere imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pa sikirini, pa foni amagwiritsa TalkBack, ndipo amamvera mothamanga kwambiri moti ine sindimva kanthu koma iye amagwira mawu onse. Ukamupatsa notsi ya pa Word amamaliza msanga kuposa anzake ambiri. Vuto ndi loti manotsi ambiri amabwera pa gulu la WhatsApp ngati zithunzi, class rep wajambula handout ndi foni, mwina mopendekera, mwina chala chake chikuoneka m'mbali, kapena PDF yosikanidwa kuchokera ku fotokope ya fotokope inzake. Kwa makina aja chimenecho ndi chithunzi basi, mulibe mawu. Ndiye Loweruka lililonse amabwera kunyumba, ine ndimakhala pa mpando ndi foni yake kumuwerengera tsamba ndi tsamba iye akujambula mawu anga kuti akamverenso ku hositelo, magetsi akazima timapitiriza ndi tochi mpaka mawu anga asase. Sindidandaula kumuwerengera, ndi mng'ono wanga, koma fayilo ya Word ija ilipo pa kompyuta ya lekichara, kuitumiza ndi mphindi imodzi.

Chaka chachiwiri ndiye kunabwera kosi ya statistics, yokakamiza pa pulogalamu yake. Masabata oyambirira ankangokhala m'kalasi kumva kuti mukaona apa mzerewu ukukwera, apa watsika, nambala iyi tiika umu, choko chikulira pa bolodi, iye osadziwa kuti apa ndi pati. Test yoyamba sanalembe chifukwa pepala lake la braille silinakonzedwe, anamuuza kuti adikire. Sabata ya 7 ndi pamene anamuitana ku dipatimenti, ine ndinapita naye, ndipo bambo amene tinawapeza analankhula mofatsa, ndikhulupirira kuti mumtima mwawo ankaona ngati akumuchitira chifundo. Anati kosi iyi ndi ya ma graph ndi matebulo, kwa munthu wa vuto lanu ikuvutitsani chabe, bwanji mutenge kosi ina m'malo mwake, kapenanso musinthe pulogalamu yonse mupite ku uphunzitsi, anzanu ambiri osaona amachita bwino kumeneko.

Mng'ono wanga sanayankhe pomwepo, anangoti bwana ndamva, ndikaganize. Titatuluka panja anagwira mkono wanga mwamphamvu n'kunena kuti achimwene, ine pulogalamuyi ndinasankha ndikudziwa kuti muli masamu, masamu sakundikanika, chikundikanika ndi bolodi. Anatinso ndikaithawa kosi iyi chaka chomaliza research ndidzapanga bwanji, nanga pofunsira ntchito akadzaona kuti pa transcript palibe statistics ndidzati chani.

Uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, amayi athu omwe anaphunzitsa pulayimale zaka zambiri, koma si bwino kuti mwana aliyense wosaona azikankhidwira njira imodzi ngati kuti mutu wake ndi wofanana ndi wa wosaona mnzake. Wina akufuna zamalamulo, wina zachuma, wina makompyuta.

Usiku umenewo tinatenga katoni ya sopo ku grocery ya pafupi, guluu, machesi mabokosi atatu ndi ulusi woluka wa amayi. Ndinamata ulusi wowongoka kumanzere ndi pansi, kenako timitengo ta machesi ndinatidula misinkhu yosiyana n'kutiimika mondondozana monga graph inalili pa handout. Guluu atauma anayendetsa zala zake pang'onopang'ono kuchokera kumanzere, anafika pakati pomwe timitengo tatalika, n'kutsika mbali inayo, anabwereza kachiwiri, kenako anati aaa, ndiye chimene akhala akunena chija ndi ichi, chili ngati chulu. Ndinamata ulusi wina pamwamba pa timitengoto kutsata mmene takwerera ndi kutsika, iye anaika chala pansonga n'kunena yekha kuti avereji ili apa, ndipo mchira uwu ukanatalika mbali iyi ikanakokedwera kuno. Masabata 7 a m'kalasi anawamva usiku umodzi pa katoni ya sopo. Amayi anali chiimire pakhomo la kukhitchini osalankhula kanthu.

Lolemba anapita nayo katoni ija kwa madamu amene amaphunzitsa kosiyo, yekha, ine kunalibe. Madamu aja Mulungu awadalitse. Akuti anaigwira, anamufunsa mafunso angapo, iye anayankha, ndiye anati kuyambira lero manotsi ndizikutumizira pa imelo kalasi isanayambe, ndipo pa bolodi anasintha kalankhulidwe, m'malo moti apa ndi apo anayamba kutchula kuti mzere wachitatu, nambala yachiwiri, 45, ndipo anzake a m'kalasi anamuuza kuti ngakhale iwo okhala kumbuyo anayamba kumva bwino. Matebulo ankamupatsa pa Excel pomwe NVDA imawerenga kabokosi kalikonse. Anamuuzanso za pulogalamu ya R imene munthu amachita kulemba malamulo ndi mawu m'malo modina zithunzi, ndipo ndi iwo anamutchulira Jonathan Godfrey, mphunzitsi wa statistics ku Massey University ku New Zealand amene saona, yemwe anakonza BrailleR, pulogalamu ya mu R yothandiza osaona kudziwa zomwe zili pa graph. Mwana uja anabwera kunyumba akulitchula dzina limeneli ngati ndi malume ake.

Mayeso omaliza analemba m'chipinda chayekha chifukwa Perkins, makina ake olembera braille, amasokosa ngati akukhoma misomali, anamuwonjezera nthawi poti kuwerenga ndi zala kumachedwa ndipo tsamba limodzi la inki limasanduka masamba angapo a braille, komanso masamu ali ndi zizindikiro zakezake za braille zosiyana ndi za mawu wamba. Pamene anzake ankajambula graph iye ankafotokoza mmene ingaonekere ndi chifukwa chake, mafunso anali omwewo, sanamuchepetsere ngakhale limodzi. Zotsatira zinachedwa chifukwa pepala lake limayenera kudikira munthu wodziwa braille kuti alilembenso mu inki madamu asanachonge, ndipo anthu amenewa ndi ochepa, ambiri ndi aja anaphunzira ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana aulumali ku Nguludi, ndipo ntchito imawachulukira. Koma zinatuluka, anakhoza, osalemba sapu, mayeso obwereza aja.

Sindikunena kuti kusintha kosi n'koipa nthawi zonse ayi. Pali pena pomwe n'koyeneradi, mwachitsanzo mwana wosamva akapatsidwa mayeso omvetsera mawu a pa tepi, pamenepo pafunika china cholemera mofanana chimene angachite, kapena woyenda pa njinga ya olumala kalasi ikamakwera phiri la Zomba kukatola miyala ndi dothi, mwina angapatsidwe malo ofikika kapena ntchito ina yoyesa nzeru zomwezo. Koma zimenezi zizibwera atayesa kaye kukonza kaphunzitsidwe, mwini wakeyo akhale pa zokambiranazo ndipo avomere yekha, zilembedwe pa pepala kuti kosi yolowa m'maloyo iwerengedwa pomaliza maphunziro, ndipo zichitike semesita isanayambe osati sabata ya 7 mwana atataya kale theka la maphunziro ndi ndalama ya loni. Mnzake wina wa pa njinga kalasi yake inaikidwa m'chipinda cham'mwamba, anyamata ankachita kumunyamula pa masitepe tsiku lililonse, mtsikana wamkulu, anthu akuyang'ana, pomwe chofunika chinali kungosinthana zipinda ndi kalasi ya pansi. Wina wachialubino amangofuna pepala la zilembo zikuluzikulu ndi mpando wa kutsogolo kopanda dzuwa. Osamva ambiri akusowa womasulira chinenero chamanja. Ndiye palinso aja ulumali wawo suoneka, wa khunyu, wa matenda a maganizo, amene amaopa n'kunena komwe kuopa kusekedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, achialubino okha anali 134,636, ndiye ana amenewa azibwerabe ku makoleji athu chaka ndi chaka, ndipo mabungwe a aulumali ngati FEDOMA, Malawi Union of the Blind ya osaona, MANAD ya osamva ndi APAM ya achialubino akhala akulankhula za ufulu wawo kwa nthawi yaitali.

Semesita ikubwerayi ali ndi kosi ina ya research methods, madamu aja sakuphunzitsa, ndi munthu wina watsopano amene sitikumudziwa. Dzulo tinakhala pansi kulemba kalata yopita ku dipatimenti, iye akunena ine ndikutaipa, manotsi pa Word kalasi isanayambe, matebulo pa Excel, pepala la test likonzedwe tsiku limodzi ndi la anzake, nthawi yowonjezera, ndipo pamapeto anandiuza kuti ndiwonjezere kuti kosiyi akufuna kuitenga yonse. Tapanga makope atatu, imodzi akaidindire n'kutibwezera. Katoni ija ili pamwamba pa wodirobu, machesi awiri anagwa ndiye wandiuza kuti ndigule guluu wina Lachisanu ndikapita kumsika.